Zomwe ndaphunzira pa LSD ndi boma la America

Teremu ino tikuphunzira mbiri ya America m'zaka za m'ma 1960, ndipo mutu womwe wandigwira mtima kwambiri ndi wa LSD, mankhwala ozunguza bongo omwe amachititsa munthu kuona ndi kumva zinthu zomwe palibe. Albert Hofmann, katswiri wa kampani ya Sandoz ku Basel m'dziko la Switzerland, ndiye adawapanga mu 1938, ndipo mphamvu yake adaizindikira mu 1943. Madokotala a matenda a maganizo ankawagwiritsa ntchito pofufuza thandizo la zidakwa ndi odwala nkhawa.

Chomwe chandipweteka n'chakuti oyamba kuwaseweretsa mosasamala anali a boma enieniwo. Mu 1953 bungwe la akazitape la CIA lidayambitsa ntchito yachinsinsi yotchedwa MKUltra, yomwe Sidney Gottlieb ankaiyendetsa. Ankafuna kudziwa ngati mankhwalawa angaulutse chinsinsi m'kamwa mwa mdani kapena kuusokoneza mutu wa munthu. Mu Novembala chaka chomwecho, a CIA adamuthirira Frank Olson, wasayansi wa asilikali, LSD m'chakumwa osamuuza. Patangopita masiku asanu ndi anayi adagwa pa windo la hotela ku New York n'kufa, ndipo banja lake lidadziwa za mankhwalawo mu 1975, kenaka Pulezidenti Gerald Ford adawaitana kukawapepesa. Ku San Francisco, George Hunter White, wapolisi yemwe ankagwirira ntchito CIA, ankalipira amayi oyendayenda kuti azikopa amuna n'kuwamwetsa LSD, iye akuonerera kuseri kwa galasi. Anthu amenewa sadafunsidwe, ndipo ambiri sadadziwe chomwe chidawachitikira mpaka imfa yawo.

Mankhwalawa adatuluka m'manja mwa boma kudzera m'kafukufuku womwewo. Ken Kesey, wolemba mabuku, adayamba kuwamwa ngati wodzipereka pa chipatala cha asilikali akale ku Menlo Park, kenaka adayamba kuwafalitsa m'maphwando a achinyamata ku California. Ku yunivesite ya Harvard, Timothy Leary, mphunzitsi yemwe ankachita kafukufuku wa mankhwala amtunduwu, adachotsedwa ntchito mu 1963. Pofika 1966 LSD inali italowa pakati pa achinyamata a tsitsi lalitali omwe ankakana kupita ku nkhondo ya ku Vietnam, ankawotcha makalata owaitana ku usilikali, ndipo ankanyoza moyo wa makolo awo. California idaletsa mankhwalawa pa 6 Okutobala 1966. Mu 1970 lamulo la dziko lonse lidawaika m'gulu loyamba, la mankhwala omwe akuti alibe ntchito iliyonse ya chipatala, pamodzi ndi heroin ndi chamba. Mu 1971 Pulezidenti Richard Nixon adati kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo ndiye mdani woyamba wa dziko.

Sindikunena kuti LSD ndi yabwino. Ena adasokonezeka mitu, ndipo makolo anali ndi chifukwa chochitira mantha. Koma nkhawa ya boma idakula pamene omwa ake adakhala achinyamata osamvera, osati pamene Olson adafa. Mu 1973 Richard Helms, mkulu wa CIA, adalamula kuti mafaelo a MKUltra awonongedwe, ndipo zambiri zomwe tikudziwa zidachokera m'mapepala a zachuma omwe adapezeka mu 1977. Chaka chomwecho cha 1973 kwathu kuno kudabwera lamulo la kavalidwe, ndipo m'nthawi ya Kamuzu alendo a tsitsi lalitali ankametedwa asanaloledwe kulowa m'dziko. Mantha a achinyamata amtunduwu adafika kutali.

Kafukufuku wa madokotala ndiye adavulala kwambiri, chifukwa adaima kwa zaka zambiri. Adayambiranso pang'onopang'ono, ndipo kuyambira mu Julayi 2023 dziko la Australia lidalola madokotala ena a maganizo kupereka psilocybin, mankhwala ochokera m'bowa omwe amagwira ntchito mofanana ndi LSD, kwa odwala matenda ovutika maganizo omwe sakuchira ndi mankhwala ena. Pa ntchito yanga ya teremu ino ndasankha kulemba za anthu omwe adamwetsedwa osadziwa aja.