Chifukwa chake injini imakana kukwera marevu galimoto ili pa N kapena pa P

Galimoto yaima, giya ili pa P (paki) kapena pa N (nyutulo), mwaponda moto mpaka pansi, koma singano ya marevu, yosonyeza maulendo amene injini ikuzungulira pa mphindi, yangofika pa 4 (kutanthauza 4,000) n'kuima pomwepo, chonsecho mzere wofiira uli cha pa 6 ndi theka. Eni galimoto ambiri akaona zimenezi amathamangira kusintha mapulagi ndi fyuluta ya petulo, ena mpaka pampu, poganiza kuti injini yafooka. Kawirikawiri palibe chimene chawonongeka. Ndi kompyuta ya injini imene ikukana dala, ndipo ikuchita bwino kukana.

Malirewa amasiyana malinga ndi wopanga. Pa magalimoto ambiri amakono a petulo amakhala pakati pa marevu 3,000 ndi 4,500 pa mphindi, ndipo a dizilo ena amaima cha pa 2,500 kapena 3,000. Alipo ena amene alibe malire apadera a poima, amangolola singano kukafika pa mzere wofiira. Magalimoto akale a kabureta ambiri analibiretu choletsa chilichonse, phazi la dalaivala ndilo linali malire.

Kuti kompyuta idziwe kuti galimoto yaima, imamvera masensa angapo. Sensa ya pa crankshaft, chitsulo chozunguzidwa ndi mapisitoni, imawerenga mano a gudumu lachitsulo lozungulira limodzi ndi injini, lomwe pa injini zambiri lili ndi mano 58 ndi mpata wa mano awiri, ndipo marevu amadziwika pamenepo. Pa galimoto ya otomatiki pali sensa ina pa giyabokosi yonena ngati ndodo ya giya ili pa P, R, N kapena D. Masensa a ABS a m'mateyala amanena liwiro, ndipo pa galimoto ya manyuwo pamakhalanso kaswitchi pa chopondera kilatchi. Zikagwirizana kuti liwiro ndi 0 ndipo palibe giya yolowa, kompyuta imatsitsa malire. Kaletsedwe kake n'kosavuta. Pa injini zimene moto umayendetsedwa ndi magetsi osati waya wokoka, kompyuta imangotseka pang'ono chitseko cha mpweya ngakhale phazi lili pansi, ndipo singano imaima bata. Pa zina imazimitsa ma injector, opopera mafuta mu injini, kwa kanthawi n'kuwayatsanso, n'chifukwa chake mumamva injini ikudukiza. Opanga sakonda kudula moto wa mapulagi wokha, chifukwa petulo wosapsa amakathera mu ekizozi.

Chifukwa chachikulu chili m'kati mwa injini momwemo. Pisitoni siyenda ulendo umodzi wosalekeza. Imakwera, kuima, kutsika, kuimanso, kawiri pa kuzungulira kulikonse, ndipo mphamvu yofunika kuiimitsa ndi kuibweza sikula mofanana ndi marevu. Marevu akawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Tiyerekeze injini imene pisitoni yake imayenda mamilimita 86 ndipo imalemera magalamu 400 pamodzi ndi pini yake. Pa marevu 6,000, ikafika pamwamba imakoka ndodo yoilumikiza ku crankshaft ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 900. Pa marevu 3,000 mphamvuyo imatsika kufika cha pa 225. Kukokako kumagwera pa mabawuti awiri a ndodoyo ndi pa bering'i yake, ndipo kumafika poipa pamene pisitoni ikumaliza kutulutsa utsi, popeza pamwamba pake palibe mpweya wopanikizika woibwezera pansi. Mavalavu, titseko tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi, nawonso ali ndi polekezera: masipuling'i akalephera kuwabweza msanga, valavu imatsala yotseguka ndipo pisitoni ikhoza kuiwomba.

Wina anganene kuti mphamvu zomwezo ziliponso galimoto ikamathamanga pa marevu 6,000 pa msewu. Zoonadi zilipo. Kusiyana kuli pa kafikidwe kake. Galimoto ili m'giya, injini imakoka thupi lolemera kuposa tani imodzi, motero marevu amakwera pang'onopang'ono ndipo kompyuta imakhala ndi nthawi yokwanira yodula mafuta. Pa nyutulo injini imangozunguza flywheel yake basi, gudumu lachitsulo la kumapeto kwa crankshaft, ndipo imachoka pa 800 kukafika pa mzere wofiira m'sekondi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Pofika nthawi imene mafuta adulidwa, singano ikhoza kukhala itadutsa kale malire. Kuika malire pansi kumasiya mpata woti kudutsako kusavulaze kanthu. Komanso pa msewu kutha kwa zitsulo kumakugulirani liwiro, pomwe poima zimangotha pachabe.

Kenaka pali kutentha. Radiyeta inapangidwa kuti izidalira mphepo yowomba kutsogolo galimoto ikamayenda, ndipo poima imangotsala ndi fani. Madzi mwina fani ikhoza kuwasamala, koma mapaipi a ekizozi ndi catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, zilibe choziziritsa china koma mphepo yodutsa. Catalytic converter imagwira bwino ntchito pa madigiri 400 mpaka 800, ndipo petulo wosapsa akakayakira m'kati mwake kutentha kumadutsa 1,000, timabowo take tooneka ngati zisa za njuchi n'kuyamba kuwonongeka. Pansi pa galimoto pakakhala udzu wouma, ngozi ya moto ndi yeniyeni. Chizolowezi choliza injini mwamphamvu kenaka n'kuzimitsa nthawi yomweyo n'choipa kwambiri kwa turbo, chipangizo chokankhira mpweya mu injini, chifukwa imakhala ikuzungulirabe maulendo oposa 100,000 pa mphindi pamene pampu ya oyilo yaima kale.

Oyilo wozizira ndiye mdani wina. M'mawa amakhala wolimba, sayenda msanga m'timipata ta mabering'i, ndipo pisitoni ya aluminiyamu imakhala isanafufume kudzaza bwino silinda. N'chifukwa chake magalimoto ena amatsitsanso malire injini isanatenthe. Dziwaninso kuti singano ya madzi ikafika pakati, cha pa madigiri 90, oyilo amakhala akadali m'mbuyo ndi mphindi zingapo. Injini imatentha bwino poyenda nayo modekha, osati poiliza ili chiimire.

Phindu lina lalikulu la malirewa lili pa giyabokosi. Munthu akakweza marevu pa N mpaka 5,000 n'kukankhira ndodo pa D, timakilatchi ta m'kati timakakamizidwa kulumikiza injini yothamanga ndi mateyala oima. Nkhonya yakeyo imagwera pa timakilatchito, pa ma CV joint olumikiza mashafuti ndi mateyala, pa difu ndi pa malabala ogwira injini. Oyilo wa giyabokosi amapsa, kununkha ndi kuda, ndipo giya zimayamba kuterereka. Magiyabokosi ambiri amakono amachedwetsa dala kulowa kwa giya mpaka marevu atatsika. Malire a pa N ndi mbali ya chitetezo chomwecho.

Nkhani ya phokoso iliponso. Muyezo wa phokoso la galimoto yoima wa m'malamulo a bungwe la United Nations otchedwa R51 umachitikira pa marevu 3,750 kwa injini zimene mphamvu yake yonse imatuluka pakati pa 5,000 ndi 7,500. Ntchito za makaniko nazonso sizifuna zambiri: kuyesa alitaneta kumachitika cha pa 2,000, ndipo kuyesa utsi wa petulo cha pa 2,500 mpaka 3,000. Amene amalipira kuti pulogalamu ya kompyuta isinthidwe n'cholinga choti galimoto izilira kwambiri poima akugula phokoso lokha, ndipo sitingawalimbikitse.

Komabe si kukana kulikonse kumene kuli kwabwino, choncho ndi bwino kudziwa kusiyanitsa. Malire enieni amagwira pa nambala imodzimodzi nthawi zonse, injini imafika pamenepo mwachangu ndi mawu oyera, nyali ya injini siyaka, ndipo mukayenda pa msewu marevu amadutsa nambalayo popanda vuto. Vuto lenileni limaoneka mwina: singano imakwera movutikira, lero ithera pa 3,200 mawa pa 2,700, injini imatsamwa kapena kuphulika mu ekizozi. Zikatero ganizirani pampu ya petulo yofooka, fyuluta yotsekeka, sensa ya mpweya yakuda, kapena catalytic converter yotsekeka, imene chizindikiro chake ndi mphamvu yothera pamene marevu akukwera.

Pali vuto lina losokoneza kwambiri, pamene galimoto ikukana kudutsa 3,000 kapena 4,000 ili pa D ndipo ikuyenda. Apa kompyuta mwina ikunamizidwa kuti galimoto yaima. Lumikizani makina a OBD2 owerengera kompyuta ya galimoto, onani zimene kompyuta ikulandira pamene wina akuyendetsa: giya imene ikuwerengedwa, liwiro, ndi kuchuluka kwa moto wopondedwa. Liwiro likamaonetsa 0 galimoto ikuyenda, yang'anani sensa ya liwiro ndi mawaya ake, ndipo kodi yake, nambala ya vuto imene makinawo amaonetsa, imakhala P0500. Ndodo ikakhala pa D koma makina akuti N, vuto lili pa sensa ya giya kapena waya wa ndodo wosachunidwa bwino, ndipo kodi yake ndi P0705. Onaninso switchi ya mabuleki, chifukwa magalimoto ambiri amadula moto akaona ngati buleki ndi moto zapondedwa pamodzi. Musagule sensa musanayeze pulagi yake ndi mawaya, popeza dzimbiri la pa pulagi limapereka kodi yofanana ndi ya sensa yakufa.

Pali zinthu ziwiri zimene kompyuta singakutetezeni nazo, chifukwa mphamvu yake ili pa mafuta, mpweya ndi moto basi. Choyamba ndi kulowetsa giya yolakwika pa manyuwo. Ngati giya 2 imathera pa 90 km/h pa marevu 6,500, inu n'kuilowetsa mwangozi pa 120 km/h, mateyala ndiwo amazunguza injini mpaka cha pa 8,700 ngakhale mafuta atadulidwa, ndipo mavalavu amapindika. Mukamva injini ikukuwa pamene mukutula kilatchi, ipondeninso msanga. Chachiwiri ndi injini ya dizilo imene yayamba kumwa oyilo wake, kawirikawiri kudzera pa turbo yotha kapena oyilo wothiridwa mopyola muyezo. Imakwera marevu yokha, utsi uli tolotolo, ndipo kuchotsa kiyi sikuthandiza. Pa manyuwo, pondani buleki mwamphamvu, lowetsani giya yapamwamba kwambiri n'kutula kilatchi kuti izime. Pa otomatiki njira ndi kutseka polowera mpweya ndi chinthu cholimba chophwatalala, osati dzanja kapena nsanza, kapena kupoperapo chozimitsira moto cha CO2. Zikakanika m'masekondi ochepa, talikirani galimotoyo, chifukwa ndodo ya pisitoni ikaduka imaboola injini n'kutulukira kunja.