Zitsononkho zimene zimatsuka madzi a milamba yathu

Bizinesi yathu ndi yoswetsa ana a mlamba n'kugulitsa kwa alimi amene ali ndi maiwe a nsomba. Tili kunja kwa mzinda wa Lilongwe, kumene madzi a pamjigo amachepa kwambiri ikafika Okutobala, choncho madzi a m'matanki sitiwataya. Timawasefa n'kuwabwezeramo.

Nsomba zimatulutsa amoniya, poizoni wochokera m'zonyansa zake, ndipo mabakiteriya a m'sefa yoyamba amamusandutsa nitrate. Nitrate sapha msanga, koma akaunjikana tiana timapinimbira. Alipo mabakiteriya ena amene, akasowa okosijeni, amapumira nitrate yemweyo n'kumusandutsa mpweya wa nayitirojeni, umene ndi 78 peresenti ya mpweya wotizinga. Vuto ndi lakuti amafuna kaboni woti adye, chakudya chopezeka m'zomera ndi zinthu zowola, pomwe madzi akamafika kwa iwo kaboniyo amakhala atatha kale. Kumalo aakulu otsukira madzi a zonyansa, monga Blue Plains ku Washington m'dziko la America, amathiramo methanol, mankhwala amadzimadzi okhala ndi kaboni. Ife ndalama zimenezo tilibe. Alimi a ku Iowa, ku America komweko, amadutsitsa madzi a m'minda m'ngalande zodzaza tizidutswa ta mitengo kuti mabakiteriyawo apezemo kaboni, ndiye tinati kwathu kuno chimanga chikatongoledwa, zitsononkho zimangotsala mulu.

Timazithira m'migolo yapulasitiki yotsekedwa bwino, madzi n'kumalowera pansi pang'onopang'ono ndi kutulukira pamwamba. Masabata oyamba madziwo amatuluka ofiirira, ndipo amenewo timathirira kudimba. Akayera, mukavundukula mumaona timathovu tikukwera pakati pa zitsononkho zoterera. Ine ndimakonda kuima pamenepo, chifukwa ndi nitrate uja akuchoka.

Mphuno ndiye chida chathu chachikulu. M'mawa uliwonse mkazi wanga amanunkhiza potulukira madzi. Fungo la dzira lowola likamveka ndiye kuti madzi akukhalitsa mumgolo, nitrate watha, ndipo mabakiteriya ena ayamba kupanga mpweya wonunkha wotchedwa hydrogen sulfide, umene umapha nsomba. Pamenepo timatsegula mpope kwambiri. Komanso madzi otuluka mumgolo amakhala opanda okosijeni, motero amayamba agwera pamiyala asanabwerere kwa nsomba.

Zitsononkho zimawola msanga kuposa mitengo, ndipo amayi a m'dera lathu amasonkhezera moto, ndiye timagula pathumba nthawi yokolola. Pano anzathu oweta nsomba m'matanki ayamba kutiitana kuti tikawaikire migolo yotereyi. Ena amafuna utuchi poti ndi waulere, koma timawakaniza chifukwa umatseka njira ya madzi, ndipo wa matabwa othiridwa mankhwala a chiswe ungawaphere nsomba zonse.