Lipoti la ulendo wa komiti yathu ku Chia ndi ku mtsinje wa Bua

Kumapeto kwa mwezi wa Malichi, mvula itayamba kukata, mamembala 16 a komiti yoyang'anira zachilengedwe ya m'mudzi mwathu, m'dera la Mfumu Mwansambo, tinapita kukacheza ndi asodzi a ku Chia, ndipo tsiku lachiwiri tinalowa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota kukaona mtsinje wa Bua. Ndalama ya galimoto tinaipeza pogulitsa mbande za kunazale kwathu, ndipo amene anatilumikizitsa ndi komiti ya asodzi ndi alangizi a zankhalango. Ine ndinapatsidwa ntchito yolemba zimene tinaona kuti anzathu amene anatsala kumudzi azidziwe.

Tisanafike pamsewu wa M5, alangizi anaimitsa galimoto pafupi ndi mtsinje wa Lifuliza n'kutipempha kuti titsike. Tonse timaudziwa mtsinjewu chifukwa timakhwawa ta m'minda mwathu timathira m'menemo, koma ambirife tinali tisanauyang'anepo ndi diso lofuna kuphunzira. Madzi ake anali ofiira ngati katondo wozira m'nyumba, magombe anali atagumuka, ndipo mizere ya chimanga inafika mpaka pamene madzi akudutsa, popanda bango, nsenjere kapena mkuyu wogwira dothi. Alangizi anatunga madziwo m'botolo, n'kuliika pansi pa mpando wa dalaivala, ndipo sananene kanthu.

Chia ndi nyanja yaing'ono imene ili kummwera kwa boma la Nkhotakota. Imalandira madzi a Lifuliza, Likoa ndi timitsinje tina tochokera kumapiri a Ntchisi, kenaka n'kuwatulutsira m'nyanja ya Malawi kudzera pakhwawa limodzi, pamene pali mlatho wa M5 paja apaulendo amaima kugula chambo. Chifukwa chakuti khomo lotulukira ndi limodzi ndiponso madzi amayenda pang'onopang'ono, dothi limene mitsinje yanyamula kumtunda limadikha n'kukhazikika pansi. Izi tinazimva kaye pakamwa, koma tinazimvetsa titakwera maboti awiri a matabwa kupita kumene Lifuliza amalowera.

Tili m'katimo, msodzi wina wachikulire anazika nsungwi yaitali m'madzi, ndipo inamira m'matope mosavuta. Atayizula anakolola matopewo ndi dzanja n'kuwaika m'manja mwa wapampando wathu, nati, "Bambo mfumu, landirani munda wanu. Pamene tili pano bambo anga ankatchera matchera, pansi pake pali mchenga woyera." Palibe anaseka. Wapampando anapotokola dothilo ndi zala, nalinunkhiza, n'kuvomera kuti ndi dothi lapamwamba lenileni, lomwe lija timalithira manyowa ndi fetereza wogula ndi ndalama ya mtedza.

Asodziwo anatifotokozera kuti chambo chachimuna chimakumba chisa pamchenga, chachikazi n'kusunga mazira ndi ana m'kamwa, ndipo anawo akatuluka amabisala m'bango ndi m'maudzu a m'mbali kufikira atakula. Matope akakwirira mchenga, malo oswanirana amachepa, ndipo madzi akaphwa m'mbali anthu amatentha bango n'kulimapo mpunga. Choncho dothi limene lasaukitsa munda wa kumtunda limafika kunsi n'kudzasandutsa malo a nsomba kukhala munda wina. Ine ndakhala ndikudandaula za zigwembe zimene zadula munda wanga pakati, koma ndinali ndisanaganizepo zoti dothi lochoka m'zigwembezo lili ndi kumene limakagona, ndiponso kuti kumeneko kuli anthu amene akulipira chifukwa cha ilo.

Ndiyenera kulemba kuti anzathuwa sanatiunjikire mlandu wonse. Mlembi wa komiti yawo, imene amaitcha BVC, ananena poyera kuti pakati pawo pali ena amene amasoka masikito n'kumakokolola nsomba zimene sizinafike n'komwe pa msinkhu wa chala, ndiponso kuti nkhuni zowambira nsomba zatha mitengo ya m'mbali mwa nyanjayo. Anationetsa malo amene anagwirizana kuti pasamaponyedwe ukonde, momwe anamizamo nthambi ndi zipika kuti nsomba zizibisala komanso kuti khoka la wakuba lizing'ambika. Anatchulanso chilumba cha Mbenji ku Salima, chimene mafumu a kwa Makanjira akhala akuchitseka nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, ngati umboni wakuti lamulo la mfumu likagwiridwa ndi anthu eni ake limasunga nsomba.

Madzulo kukambirana kunatentha. Asodzi anapempha kuti tileke kulima m'magombe a mitsinje, ndipo mayi wina wa m'komiti mwathu anaimirira mwaulemu nati, "Abambo, ife tamva ndipo taona ndi maso, koma dimba langa la m'mbali mwa mtsinje ndilo limadyetsa ana m'mwezi wa Okutobala, nkhokwe ikauma. Ndikalisiya, kodi inu mudzanditumizira chambo?" Funso limenelo linatikhalitsa chete, ndipo m'maganizo mwanga mayiyo sanalakwe. Minda yathu yakhala ikugawidwa kwa ana ndi zidzukulu mpaka kutsala tizigawo, ndipo munthu amene akutsikira kugombe ndi khasu kawirikawiri alibe kwina kolowera. Chimodzimodzinso mnyamata wootcha makala, amene tinadutsa matumba ake m'mbali mwa msewu: amadziwa kuti akutha mitengo, koma wogula ali m'tauni ndipo ndalama imabwera tsiku lomwelo. Tisanagone alangizi anatulutsa botolo lija. Madzi anali atayera pamwamba, ndipo pansi panali matope ochindikala ngati chala chogoneka.

M'mawa mwake tinapita kunkhalango. Nkhalango ya Nkhotakota ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Wotiperekeza anatikumbutsa kuti njovu, zimene kale zinkaposa 1,500, zinaphedwa ndi opha nyama mozembera lamulo mpaka kutsala zosakwana 100, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinabweretsedwa pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Kumanga mpanda wamagetsi ndi kusamutsa njovu nakonso ndi kusintha chilengedwe ndi manja a munthu, ndipo kuli ndi zotsatira zake. Ena mwa ife amene ali ndi abale oyandikana ndi mpandawo anati nyama zolowa m'minda zinachepa, koma anatinso njira zakale zokatola nkhuni ndi kumweta udzu zinatsekeka, moti tsopano munthu amalowa pokhapokha atalandira chilolezo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri si njovu ayi, ngakhale tinaona ndowe ndi mapazi ake ponseponse, koma malo ena pamene kamtsinje kobadwira m'nkhalango momwemo kamalowa mu Bua. Kamtsinjeko kanali koyera moti miyala ya pansi inkaoneka, pamene Bua, amene amachokera ku Mchinji n'kudutsa m'minda ya fodya ndi chimanga asanalowe m'nkhalango, anali wodera ngati thobwa. Mvula imene inagwa pamadzi awiriwa ndi imodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti pansi pa mitengo ya mombo ndi mtondo pali masamba owola amene amachepetsa mphamvu ya madontho n'kulola madzi kulowa pansi, pomwe pamunda wosesedwa ndi moto madzi amathamanga pamwamba atanyamula dothi. Mpasa, nsomba imene imakwera Bua kuchokera kunyanja nyengo ya mvula, imaikira mazira patimiyala ta m'madzi othamanga, ndipo matope akatseka mipata ya timiyalato mazira amasowa mpweya. Mpanda ungatchinge wopha njovu, koma matope amadutsa pansi pake tsiku lililonse la dzinja.

Titabwerera kumudzi tinakhala pansi Loweruka lotsatira n'kugwirizana zinthu zimene tingathe ndi manja athu. Aliyense wa m'komiti ayamba ndi munda wake: asiye kutentha mapesi n'kuwayala ngati mmene amachitira alimi a mtayakhasu, amene ndi ambiri kale kuno kwa Mwansambo, abzale vetiva pa akalozera, ndipo atseke zigwembe ndi miyala ndi zikhomo mvula isanabwere. Kunazale chaka chino tiwonjezera mbawa, msangu ndi nsungwi zoti tidzabzale m'khwawa limene limadutsa kuseri kwa manda.

Nkhani ya madimba sitinaimalize. Ena akufuna kuti pasiyidwe mpata pakati pa madzi ndi mzere woyamba, ena akuti mpatawo ndiwo dimba lawo lonse, ndipo tagwirizana kuti tiitule kwa a gulupu kuti eni madimba onse adzayankhulepo. Asodzi a ku Chia alonjeza kuti anthu asanu a m'komiti mwawo adzabwera kuno mu Ogasiti kudzaona zigwembe zathu, ndipo mayi uja wapempha kuti adzayambire kudimba kwake.