Kuyeza mitengo m'chigwa cha Shire: setilaiti imaona masamba, tepi imaona thunthu

Tikamaphunzira kuwerengera matabwa ndi kulemera kwa mitengo m'nkhalango, ambiri timathamangira zithunzi za setilaiti poti ndi zaulere. Koma setilaiti siyeza mtengo. Imangolandira kuwala kochokera pa masamba. Nambala ya matani pa hekitala imachokera m'mapoloti, timalo tosankhidwa toyezeramo mitengo, kwa munthu amene wagwira tepi padzuwa la ku Nsanje.

Poloti yozungulira ya mamita 17.84 kuchokera pakati mpaka m'mphepete imakwana hekitala 0.1, ndiye zimene mwapezamo mumangochulukitsa ndi 10. Thunthu limayezedwa pa mamita 1.3 kuchokera pansi, ndipo pamalo otsetsereka muyime kumtunda kwa mtengo. Ngati muli ndi tepi wamba ya telala, zungulizani thunthu kenako mugawe ndi 3.14 kuti mupeze kukula kwake modutsa pakati. Ku mapiri a Matandwe tepi ya malire a poloti muigwire mowongoka, isagone motsata mtsetse. Ikagona, poloti imachepa koma inu mumawerengabe ngati hekitala 0.1, mitengo n'kuoneka yochepa. Musapeputsenso sentimita imodzi: kukula kwa thunthu kumachulukitsidwa ndi iko komwe m'masamu, moti kuphonya ndi 10 pa 100 kumasanduka pafupifupi 20 pa 100 pa kulemera.

Matabwa savuta. Thunthu la masentimita 30 lili ndi nkhope (malo oonekera mukalidula mopingasa) ya masikweya mita 0.071. Chulukitsani ndi kutalika kwa gawo lochekeka, tinene mamita 6, ndiponso ndi nambala yochotsera kuwonda kwa thunthu kumtunda, monga 0.7. Mupeza makiyubiki mita pafupifupi 0.3.

Pa kulemera ndi pamene chigwa chathu chimasokoneza. Fomula yodziwika ya wasayansi Chave ndi anzake ya 2014 ndi 0.0673 × (ρD²H)^0.976, pomwe ρ ndi kulimba kwa mtengo (magalamu a mtengo wouma pa kiyubiki sentimita), D kukula kwa thunthu m'masentimita, H kutalika m'mamita. Tengani tsanya ndi mlambe zofanana msinkhu, masentimita 30 ndi mamita 12. Tsanya, wolimba pafupifupi 0.9, atuluka makilogalamu 525. Mlambe, womwe mkati mwake ndi wofewa ndi wodzaza madzi, tikaupatsa 0.25 utuluka 150 basi. Ndiye ganizirani mlambe umodzi wa thunthu la mamita awiri utagwera m'poloti, inu n'kuupatsa kulimba kwa mitengo wamba. Poloti imodziyo imakweza avereji ya dera lonse. Ndi bwino milambe kuilemba payokha. Mafomula a miombo nawonso musangowanyamula: anapangidwira mitengo ya kumtunda, osati nkhalango ya tsanya kapena ziyangoyango za ku Lengwe.

Tsanya amene anadulidwa ndi owotcha makala, kapena kuthyoledwa ndi njovu, amaphuka mathunthu angapo. Akagawikana pansi pa mamita 1.3, thunthu lililonse liyezedwe palokha. Kaboni ndiye wosavuta, ndi 0.47 ya kulemera kwa mtengo wouma.

Tsopano zithunzi. Kabokosi kamodzi (pixel) ka chithunzi cha setilaiti ya Sentinel-2 ndi mamita 10, ka setilaiti ya Landsat mamita 30. GPS ya m'manja imaphonya ndi mamita angapo, choncho poloti yaing'ono ikhoza kugwera pa kabokosi ka munda woyandikana nawo. Tengani avereji ya timabokosi tonse tokhudza polotiyo.

Vuto lalikulu ndi mwezi wa chithunzi. M'dzinja muli mitambo, ndipo udzu umabiriwira mofanana ndi mitengo, NDVI, nambala yoyeza kubiriwira pa chithunzi, n'kukwera paliponse. Mu Seputembala ndi Okutobala tsanya amakhala atayoyola masamba, moto wapitanso, nkhalango yodzaza n'kumaoneka ngati chipululu. Msangu umachita zosiyana: umayoyola m'dzinja, n'kuphuka m'chilimwe. Nzimbe zothiriridwa za ku Nchalo ndi bango la ku Elephant Marsh zimabiriwira kuposa nkhalango yeniyeni, pomwe mulibe thabwa n'limodzi lomwe. Malo amenewa achotseni pa mapu musanayambe masamu. Nthawi imene ine ndimaikhulupirira ndi Meyi mpaka Juni, udzu utayamba kuuma koma mitengo ikadali ndi masamba. Pamene mitengo yathithikana, NDVI imafika poima osakweranso, ndiye pamafunika kuonjezera radar ya pa setilaiti ya ALOS-2 PALSAR-2, yomwe imalowa mpaka ku nthambi ndipo mitambo siitchinga, kapena kutalika kwa mitengo kochokera ku GEDI, chipangizo cha laser choyeza kuchokera m'mlengalenga.

Pomanga ubale wa mapoloti ndi zithunzi, sungani pambali poloti imodzi mwa zinayi zilizonse kuti muyesere mapu anu. Zosungidwazo zikhale zotalikirana ndi zinzake, chifukwa mapoloti oyandikana amafanana ndipo amanamiza kuti mapu ali bwino. Ndipo ngati mapoloti onse anaikidwa m'mbali mwa msewu wa M1 pothawa minga ndi kutentha, mapuwo akunena za mitengo ya m'mbali mwa msewu, kumene nkhwangwa inafika kale.