Ndinaona ndi maso anga Usain Bolt akupambana

Mpikisano wa dziko lonse wa masewero othamanga, kudumpha ndi kuponya wa chaka cha 2017 unachitikira mumzinda wa London kuyambira pa 4 mpaka pa 13 Ogasiti, m'bwalo lomwe lija la ku Stratford limene linamangidwira masewero a Olimpiki a 2012. Chimene chinautchukitsa usanayambe n'komwe chinali chakuti Usain Bolt wa ku Jamaica anali atalengeza kuti umenewu ndi wotsanzikira. Munthu ameneyu anali atapambana liwiro la mamita 100 pa Olimpiki katatu motsatizana, ku Beijing, ku London ndi ku Rio de Janeiro, ndipo masekondi 9.58 amene anathamanga ku Berlin mu 2009 panalibe wina aliyense amene anali atawafikako. Pa mipikisano ikuluikulu chiyambire 2008, mtunda umenewu unamupulumuka kamodzi kokha, ku Daegu mu 2011, ndipo kumeneko sikuti wina anamupitirira ayi, koma anamutulutsa chifukwa chonyamuka mfuti isanalire.

Ine pa nthawiyo ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba kumpoto kwa England, ndipo mbiri yonseyi ndinkaidziwa pamtima kuposa masiku obadwa a ana anga. Tikiti ya madzulo a Loweruka pa 5 Ogasiti, tsiku la ndime yomaliza ya mamita 100, ndinaigula pa mtengo umene mpaka lero akazi anga amadziwa theka lake lokha.

Alamu anga, alongo awo a akazi anga, ndi mphunzitsi ku Ntcheu, ndipo amatsutsa chilichonse chimene ine ndanena, osati chifukwa cha chidani, koma chifukwa amaona kuti kutero ndi udindo umene banja linawapatsa. Atamva za ulendo wangawo anandiimbira foni n'kunena kuti, "Alamu, mukukangotaya ndalama. Bolt wanuyo miyendo yatha, chaka chino atenga ndi Justin Gatlin." Ndinaseka mpaka kutsamwa. Ndinawakumbutsa kuti Gatlin wa ku Americayo anali ndi zaka 35 pamene Bolt anali ndi zaka 30, kuti anagonja kwa Bolt ku Beijing mu 2015 ndiponso ku Rio de Janeiro mu 2016, komanso kuti golide wake wa mamita 100 pa mpikisano umenewu anamutenga kalekale ku Helsinki mu 2005, ana anga asanabadwe. Alamu anati ngati ndikudzidalira tibetcherane mbuzi, ndipo ine ndinavomera pa gulu la WhatsApp la banja lonse, pamene palinso apongozi anga, kuti pasadzakhale wokana.

Mpando wanga unali pamwamba kwambiri, chakumbuyo kwa malo onyamukira, kutanthauza kuti othamanga ankayenera kundifulatira n'kumapita kutali ndi ine. Zimenezi sizinandidetse nkhawa chifukwa ndinali ndi magalasi anga, ndipo madzulowo anayamba bwino ndithu. Ndinaona Luvo Manyonga wa ku South Africa akupambana pa kudumpha mtunda wautali ndi mamita 8.48. Ndinaona Almaz Ayana wa ku Ethiopia akusiya anzake pa mamita 10,000 mwa njira yochititsa manyazi, moti Tirunesh Dibaba, amene anali wachiwiri, anafika patadutsa masekondi oposa 40. Mpikisano wotere ngakhale wakhungu akhoza kuweruza. Pa ndime ya semifainolo, mnyamata wa zaka 21 wa ku America, Christian Coleman, anamupitirira Bolt pang'ono, koma ine ndinatembenukira kwa bambo wina wa ku Jamaica amene anakhala pambali panga ndi mbendera yaikulu, n'kumulongosolera modekha, ngati kuti sakumudziwa munthu wa kwawo, kuti Bolt akungosunga mphamvu.

Nthawi ya ndime yomaliza itakwana, cha m'ma 9:45 usiku, anayamba kutchula mayina a othamanga asanu ndi atatu aja mmodzimmodzi. Atatchula Gatlin, bwalo lonse linamukuwiza, chifukwa anthu sanaiwale kuti analetsedwapo kuthamanga kawiri pa nkhani ya mankhwala oletsedwa. Atatchula Bolt, phokoso lake linali lakuti mpando unkanjenjemera, ndipo ine, munthu wamkulu wokhala ndi banja, ndinagwetsa misozi. Ndinavula magalasi kuti ndiwapukute ndi malaya. Pa mphindi yomweyo mnzanga wa ku Jamaica uja anakupiza mbendera yake ndi mphamvu zonse, nsonga yake inakola magalasi aja m'manja mwanga, ndipo anauluka n'kukagwera kwinakwake pakati pa miyendo ya anthu a m'mizere ya m'munsi.

Ndisanatsegule pakamwa kuti ndipemphe thandizo, bwalo lonse linangoti zii, monga zimakhalira othamanga akagwada pa malo onyamukira. Anthu oposa 50,000 atakhala chete chotero, palibe mlendo waulemu amene angayambe kugwedeza mapewa a azungu kuti anyamule mapazi. Ndinadzilimbitsa mtima kuti Bolt ndi wamtali kuposa onse, wavala zachikasu, ndipo ali pa mzere wachinayi, pakati penipeni, choncho sindingamutaye. Popanda magalasi ndimaona zinthu zakutali ngati nyali za galimoto m'chifunga cha ku Dedza, koma chikasu ndi chikasu basi.

Mfuti inalira. Chinthu chachitali chachikasu chija chinanyamuka mochedwa, monga mwa chizolowezi chake, kenako chinayamba kuwameza anzake, ndipo onse anakathera pamodzi kutali uko. Panadutsa kanthawi anthu akudikira, kenako dzina la Gatlin linamveka, ndipo kukuwiza kuja kunabwereranso mokweza kuposa poyamba. Ine ndinamva chisoni pang'ono, poganiza kuti si bwino kukuwiza munthu amene wagonja kale. Posakhalitsa bwalo linayamba kuimba dzina la Usain Bolt mobwerezabwereza. Pa kanema wamkulu wa m'bwalomo, amene zilembo zake sindinkatha kuwerenga koma zithunzi zake ndinkaziona mwa apo ndi apo, ndinaona munthu atagwada pamaso pa wachikasu uja, manja atatambasula, akumuweramira. Kenako wachikasuyo anayamba kuzungulira bwalo akutsanzika anthu, ojambula zithunzi ali piringupiringu pambuyo pake. Owerenga anzanga, weruzani nokha ngati pali khoti limene lingakane umboni woterewu.

Mnzanga wa ku Jamaica uja anali atagwira kumutu, misozi ili chuchuchu. Ndinamukumbatira mwamphamvu n'kumuuza kuti ndamukhululukira za magalasi zija, ndi kuti usiku ngati umenewu munthu ayenera kulira ndithu chifukwa chimwemwe chikachuluka sichikwana mumtima. Anandiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, kenako anasuntha n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa mpando wake.

Pamenepo ndinatulutsa foni n'kujambula uthenga wa mawu wopita ku gulu la banja lija. Ndinalankhula pang'onopang'ono, mwaulemu, monga mboni imene ikudziwa kulemera kwa mawu ake. Ndinati, "Alamu, ine sindikuuzani zomva kwa anthu kapena za pa wailesi. Ndili pano, ndaona ndi maso anga. Bolt wapambana, ndipo Gatlin wanuyo wagwada pansi kupepesa pamaso pa dziko lonse. Mbuzi ija ikhale tonde wonenepa, ndipo mukaisiye kwa amayi anga mwezi uno usanathe." Ndinawonjezanso mawu ena okhudza anthu amene amaphunzitsa ana a eni koma iwo osafuna kuphunzira, amene sindiwabwereza pano.

Kumudzi nthawi inali itatsala pang'ono kukwana 11 koloko, koma alamu anali maso, akuonera mpikisanowo pa TV pamalo ena ogulitsira zakumwa. Sanayankhe msanga, ndipo ine ndinkaganiza kuti akusowa chonena, pamene iwo, monga ndinamvera pambuyo pake, anali akuwamvetsera uthenga wanga anthu onse amene anali pamalopo, kenako n'kuwabwerezeranso. Atakhutira, anatumiza chithunzi cha TV ija. Ndinayandikitsa foni pamphuno n'kuwerenga: Gatlin 9.92, Coleman 9.94, Bolt 9.95. Pansi pake analemba kuti, "Alamu, pepani pofunsa, kodi ku England kuli ma London angati? Chifukwa ku London imene tikuonera ife kuno, Bolt ndi wachitatu."

Nthawi yomweyo magalasi anga anatulukira, akudutsa m'manja mwa anthu kuchokera m'munsi, mwendo umodzi utapindika. Nditawavala, bolodi ya zotsatira inagwirizana ndi Ntcheu pa nambala iliyonse. Gatlin anathamangira pa mzere wachisanu ndi chitatu, chakumphepete, kumene ngakhale anthu a maso abwino sankayang'anako chifukwa onse anali pa Bolt ndi Coleman pakatipo. Kugwada kuja kunali kwa wopambana amene akulemekeza mnzake wopuma, ndipo kukuwiza kuja kunali kwa anthu okwiya kuti wapambana ndi munthu amene sankamufuna. Ndimaumirirabe mpaka pano kuti bwalo limene limakuwiza wopambana n'kuimbira wachitatu liyenera kusenzako gawo la mlandu wangawu, koma maganizo amenewa sanapeze wowathandizira m'banjamo. Apongozi anga, amene za masewero alibe nazo ntchito, anangofunsa kudzera mwa akazi anga ngati madokotala a maso ku England ali odula kwambiri, ndi kuti ngati ndi choncho abale akhoza kusonkherana.

Munthu wanzeru akanalipira mbuziyo n'kukhala chete. Ine ndinakumbukira kuti Bolt anali ndi mpikisano umodzi wotsala, wa anthu anayi wopatsirana kamtengo, Loweruka lotsatira pa 12 Ogasiti, ndipo ndinauza alamu kuti Jamaica ikaposa America ngongole yanga ithe, ikalephera mbuzi zikhale ziwiri. Anavomera mofulumira kuposa mmene ndinkayembekezera. Tsikulo ndinaonera kunyumba, pafupi ndi TV, magalasi nditawamangirira ndi kachingwe kumbuyo kwa mutu, kotero kuti ndinaona zonse bwinobwino. Bolt analandira kamtengo kuchokera kwa Yohan Blake ali pa nambala yachitatu, anathamanga pang'ono, mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu unakokeka, anayamba kutsimphina n'kugwa pansi. Great Britain inapambana ndi masekondi 37.47, America inakhala yachiwiri, Japan yachitatu, ndipo Jamaica sinamalize n'komwe. Anamubweretsera njinga ya olumala koma anaikana, n'kuyenda yekha mpaka pa mzere womaliza anzake atatu ali pambali pake.

Foni inalira Bolt asanatuluke m'bwalo. Alamu anayamba ndi kundipepesa mwaulemu wonse, anafunsa ngati ulendo uno ndaona bwino, kenako anapempha kuti poti yoyamba ija ndi tonde, monga ndinanenera ndekha, yachiwiriyi ikhale yaikazi kuti ziziswana. Chingwe chomangira mbuzizo ndiye anati agula okha, chifukwa safuna kuti anthu azinena kuti akundidyera masuku pamutu.