Zimene ndikuphunzira kwa amayi amene akalamba ndi ntchito ya masaji

Kosi yathu yafika pa gawo la minofu ndipo mutu ukuwira. Mafupa 206 a munthu wamkulu aja tinathana nawo, koma minofu ndi yoposa 600 ndipo maina ake ndi achilatini okhaokha, trapezius, latissimus dorsi, gastrocnemius, lilime mpaka kupindika. Amayi amene akutitenga pratikale alibe nazo ntchito zoloweza, amati ukadziwa dzina koma chala chako osaupeza mnofuwo nde kuti fizi wangotaya. Nthawi zina amatimanga chitenje kumaso kuti tisake mfundo ya paphewa ndi manja okha. Si zachilendo eti, ku South Korea lamulo limapereka laisensi ya masaji kwa anthu osaona okha basi, ndipo khoti lawo lalikulu linavomereza zimenezi mu 2008.

Amayiwa anayamba ntchitoyi m'ma 90, analowa m'maloji a kunyanja, anapita ku Joni, pano anabwerera kwawo kuno ku Zomba ndipo ali ndi kachipinda kawo kabedi kamodzi. Funso langa kuyambira tsiku loyamba linali loti munthu amapirira bwanji zaka zonsezo akutikita misana ya eni, poti ndalama zake si zoti ungadzutse nazo nyumba ku Matawale chaka chimodzi. Sanandiyankhe ndi pakamwa, ndimangoona akamagwira.

Kunabwera mayi wina wa mitolo ya nkhuni, aja amatsika nazo kuphiri mmamawa kudzera msewu wa ku Chawe. Asanalankhule n'komwe amayi anangoika dzanja pakhosi nkunena kuti "achemwali, nkhata yanu mumaika chakumanzere eti?" Mayi uja kuseka, akuti mwadziwa bwanji. Mbali imodzi ya trapezius, mnofu wochokera pakhosi kufika paphewa, inali gwa ngati chingwe cha ng'ombe, ina yofewa bwinobwino. Wakabaza wa ku Chinamwali amamudziwira ku akatumba ndi m'chiuno, wa muofesi mapewa amakhala atakwera kufuna kukhudza makutu. Luso limeneli silibwera ndi satifiketi, limabwera ndi matupi ambirimbiri amene adutsa m'manja mwako, ndipo ukamawaona amayiwa nkhope imachita kuwala akalondola chonchi, olo atakhala kuti kasitomalayo walipira theka.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri ndi makasitomala akalekale. Alipo ena anayamba kubwera ali ndi mwana kumsana, pano mwanayo ndi amene amawaperekeza. Agogo ena amasiye amabwera pakutha pa mwezi, msana ulibe vuto lenileni, koma chimwalirireni amuna awo palibe amene amawagwira olo paphewa, nde amagona pabedi paja nkuyamba kufotokoza za adzukulu mpaka tulo. Amayi amati zomveka m'chipinda muja zimathera momwemo, ndipo ine ndikuona kuti malipiro enieni a ntchitoyi ndi amenewa, anthu kukukhulupilira ndi thupi lawo komanso nkhani zawo kwa zaka ndi zaka.

Kuti ufike pamenepo manja ako akuyenera kukhala amoyo, apa nde amakalipa zenizeni. Ambiri amene anayamba nawo limodzi anasiya chifukwa cha chala chachikulu ndi mfundo za padzanja. Lamulo lawo ndi loti mphamvu ichokere kumiyendo ndi kulemera kwa thupi lako, bedi likhale lotsika ndithu, pamalo olimba gwiritsa mkono kapena chigongono, chala chachikulu chisungire pofunika. Zikhadabo zoyerekeza ayi.

China ndi kudziwa kukana. Munthu akabwera thupi latentha, mwina ndi malungo, sitimugwira. Pabala kapena potupa pa dzulodzulo ayi. Ndipo katumba wa mwendo umodzi akatupa, akutentha komanso kuwawa, amenewo akhoza kukhala magazi oundana mumtsempha, ukatikita chibulumacho chitha kuthamangira kumapapo munthu nkutsirizika. Ameneyo ndi wa kuchipatala cha Zomba Central basi, ndalama yake isiye ipite.

Mbiri timaiphunziranso pang'ono. Per Henrik Ling wa ku Sweden, amene ambiri amamutenga ngati tate wa masaji achizungu, anatsegula sukulu yake ya zolimbitsa thupi ku Stockholm mu 1813, ndipo maina achifalansa a njira zotikitira, effleurage, petrissage, tapotement, anawafalitsa ndi dokotala wachidatchi Johann Georg Mezger. Zabwino, tilemba pamayeso. Koma agogo anga ankathowa mwendo ndi madzi otentha nkusisita ndi mafuta a nsatsi osamudziwa Ling, nde ndikamamva anthu akuti masaji ndi zachizungu ndimangoseka.

Chonyansa chilipo, osabisa. Ukangonena kuti ukuphunzira masaji azibambo ena maso amasintha, foni zausiku zofunsa ngati pali "zapadera". Amayi anadutsamo zonsezo, njira yawo ndi yachidule, chitseko amatseka 5 koloko, mtengo uli pakhoma, thaulo limafunda paliponse pamene sakugwirapo, wolankhula zopusa amavala nsapato nthawi yomweyo. Zinawatengera zaka kuti dzina liyere koma pano amayi a mvano ndi amene amatumizirana okhaokha, ndipo Loweruka ukapanda kubukitsa malo sumawapeza.