Momwe ndidapezera valuvu ya EGR pa Hilux yanga

Msewu wokwera ku Ku Chawe, paphiri la Zomba, ndi womwe udaulula vuto. Hilux yanga ya dizilo, 3.0 D-4D, inkangolira koma osakoka, kumbuyo utsi wakuda uli tolotolo. Nyali ya injini itayaka, makaniko wina wa ku Chinamwali adalumikiza kamakina kake kowerengera zolakwika, kadaonetsa code ya vuto, P0400. "Bwana, ndi EGR iyi, yadzaza mwaye," adatero.

Ndidafuna kuiona ndi maso anga, komanso kumvetsa ntchito yake. Valuvu imeneyi imabweza utsi pang'ono wa ku ekizozi kuti ulowenso m'injini pamodzi ndi mpweya watsopano. Utsi wopsa kale ulibe oxygen wambiri, choncho moto wa m'masilinda sutentha mopitirira, ndipo mpweya woipa wa NOx, womwe umawononga mapapo, umachepa. Mukaponda mafuta mwamphamvu valuvu imayenera kutseka. Ikakakamira ili yotsegula, injini imameza utsi pa nthawi yomwe ikufuna mpweya wabwino kwambiri, monga pa chitunda chija.

Kuti ndiipeze sindidaloweze chithunzi chilichonse, ndidalondola njira ya utsi. Injini itazizira, ndidachotsa waya wa nekativi pa batire, kenako intercooler, choziziritsa mpweya wolowa, yomwe imakhala pamwamba pa injini. Mbali ya dalaivala kuli turbo ndi paipi za ekizozi. Mbali inayo ndi kolowera mpweya. Utsiwo umawoloka kuchokera kotentha kupita kolowera mpweya, ndipo pomwe njira yake yakumana ndi manifodi (yogawira mpweya m'masilinda), pafupi ndi throttle body (chitseko cha mpweya wolowa), ndi pomwe pali valuvu. Pa galimoto zina mupeza kapaipi ka vacuum pamutu pake, pa zina pulagi ya magetsi. Ma pikapu ena amaika ziwiyazi mosiyana, koma kulondola utsi kumakufikitsanibe.

Ndisanamasule kanthu ndidajambula mapaipi onse pa foni. Mabawuti a sipanala ya 12 adatuluka bwinobwino, magasiketi ndidawaika padera. Zomwe ndidaona m'kati zidandidabwitsa. Mwaye utasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo wochokera ku breather, kapaipi kopumira injini, udauma ngati phula, ndipo khomo la mpweya lidatsala longolowa zala ziwiri. Galimoto yomwe imangoyenda timaulendo tatifupi, Matawale, mumsika, Chinamwali, injini isanatenthe bwino, imaunjika zimenezi msanga.

Apa m'pofunika kudekha. Ndidatseka khomo la manifodi ndi sanza yoyera kuti zidutswa za mwaye zisagwere m'silinda. Valuvu ndidaipala ndi kamtengo ndi mswachi wakale, ndikuthira mankhwala osungunula mwaye a carb cleaner mbali ya chitsulo yokha, osalola kuti afike ku sensa kapena ku labala. Nditamaliza ndidaikankha ndi chala, inkatseguka n'kubwerera yokha mosakakamira. Chigongono cha paipi cholumikiza ku manifodi ndidachitsukanso, chifukwa kuyeretsa valuvu yokha njira ili yotsekeka n'kutaya nthawi.

Amakaniko ena amalangiza kungotseka EGR ndi kachitsulo. Ine ndidakana. Nyali ikhoza kuyakabe, ndipo mpweya woipawo amapuma ndi ana oyenda m'mbali mwa msewu ndi amayi ogulitsa tomato pa Thondwe.

Ndidabwezera zonse ndi magasiketi atsopano, makaniko adafufuta code ija, ndipo tidayendetsa galimoto pa M3 mpaka Namadzi kuti injini itenthe bwino, tikuyang'ana ngati penapake pakutuluka utsi kapena mpweya.